GALIMOTO NAYO ILI NDI MALIRE: DZIWANI MLINGO WA KATUNDU

Nyengo yokolola ikafika, misewu ya kumidzi imachuluka piringupiringu. Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Ogasiti, matumba a chimanga, mtedza, soya ndi mabelo a fodya amachoka m'midzi kunka kumisika, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala katundu wina amabwerera njira yomweyo: feteleza, mbewu, malata ndi simenti. Katundu yenseyu amayenda pa galimoto zomwe zija zimene zimanyamula mayi wopita kusikelo, mwana wokalandira katemera ndi agogo okatenga mankhwala kuchipatala. Ndani mwa ife sanaonepo bokosibode itasanjikizidwa matumba mpaka kupitirira denga, pamwamba pa matumbapo patakhala anthu miyendo ili lende, kumbuyo atamangirirako njinga ndi mbuzi?

Maso athu anazolowera zimenezi, kotero kuti sitiziyesanso kanthu. Koma ife a zaumoyo timaona kumene ulendo wotere umathera ukapanda kuyenda bwino. Umathera m'chipinda cha othyoka mafupa, mwinanso kumanda. Chifukwa chake mwezi uno tikambirane za mlingo wa katundu amene galimoto iyenera kusenza ndiponso amene iyenera kukoka. Nkhaniyi si ya madalaivala okha ayi. Ndi ya munthu aliyense amene amakwera galimoto, kubwereka galimoto kapena kutumiza mwana wake pa galimoto.

KODI NKHANI YA GALIMOTO IKUKHUDZANA BWANJI NDI ZAUMOYO?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ena oposa 20,000,000 amavulala. Linanenanso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu ndizo zikupha ambiri koposa matenda ena alionse. Tikafanizira ndi chiwerengero cha anthu, chigawo chathu cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri, ngakhale kuti galimoto kuno n'zochepa. N'chifukwa chake mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 achepetse imfa zimenezi ndi theka.

Munthu wothyoka fupa la ntchafu kapena msana sachira msanga monga wodwala malungo. Amagona miyezi, kawirikawiri kutali ndi kwawo, ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Womudikirira naye amasiya munda ndi ana. Motero ngozi ya tsiku limodzi imabala njala ya chaka chathunthu pabanja. Malungo timawapewa pogona m'masikito, kolera timaipewa pomwa madzi otetezedwa. Ngozi yobwera chifukwa cholemetsa galimoto nayo ili ndi kapewedwe kake, ndiko kudziwa mlingo ndi kuulemekeza.

MANAMBALA ANAYI OFUNIKA KUWADZIWA

Mayi aliyense amadziwa kukula kwa mtolo wa nkhuni umene angathe kusenza, ndipo mlimi wanzeru salemetsa ng'ombe zake pangolo. Galimoto nayo ili ndi malire ake, amene anaikidwa ndi amene anaipanga atayesa mphamvu ya mabuleki, matayala, masipulingi ndi chitsulo chachikulu chimene galimoto yonse yakhalapo. Malirewa amalembedwa m'buku la galimoto ndi pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, mwinanso m'kati mwa boneti. Pa malole ambiri amalembedwanso ndi penti m'mbali.

Nambala yoyamba ndi kulemera kwa galimoto ikakhala yopanda munthu ndi katundu. Pa malole mudzaona mawu akuti TARE patsogolo pa nambala imeneyi.

Nambala yachiwiri ndi kulemera kumene galimoto siyenera kupitirira ikasenza zonse: iyo yomwe, mafuta, dalaivala, apaulendo ndi katundu. Imeneyi imalembedwa ndi zilembo zakuti GVM.

Nambala yachitatu ndi ya ekiselo iliyonse payokha, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Galimoto itha kukhala yosapitirira GVM, koma ekiselo yakumbuyo italemedwa chifukwa katundu yense waunjikidwa kumchira.

Nambala yachinayi ndi kulemera kwa galimoto pamodzi ndi ngolo imene ikukoka, zonse zitadzaza. Imeneyi imalembedwa GCM.

Tsono mukachotsa nambala yoyamba pa yachiwiri, chotsalacho ndicho katundu amene galimoto ingasenze. Chinthu chimene ambiri amaiwala n'chakuti anthu nawo ndi katundu. Masipulingi sasiyanitsa thumba la chimanga ndi munthu. Iwo amangomva kulemera basi.

TIYENI TIWERENGE PAMODZI

Tiyerekeze kuti pali bokosibode imene anthu amaitcha "wani tani". Yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 1,800, ndipo GVM yake ndi makilogalamu 2,800. Tikachotsera, tikupeza kuti ingasenze makilogalamu 1,000. Mwini wake amaganiza kuti imeneyi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo amawapakira onse mosakayika. Koma taonani. Kutsogolo kwakhala dalaivala ndi anthu awiri. Tikati aliyense akulemera makilogalamu 60, apo pachoka makilogalamu 180 ndipo patsala 820. Zitsulo zimene anawotcherera kumbuyo kuti atchingire katundu, zipangizo zokonzera galimoto ndi chigubu cha madzi, tinene kuti zonsezi ndi makilogalamu 70. Patsala 750. Amenewa ndi matumba 15 okha, ndipo kumbuyo kusakhale munthu ngakhale mmodzi.

Nanga pa matumba 15 aja pakakwera anthu 10? Galimoto yapitirira mlingo wake ndi makilogalamu 600. Nanga tsiku la msika, pamene kumbuyo kumadzaza anthu akuluakulu 20? Anthu okhawo ndi makilogalamu 1,200, ndiye kuti mlingo wapitirira kale madengu ndi matumba awo asanakwezedwe.

Kuti muzitha kuwerenga nokha, kumbukirani izi. Thumba la chimanga, la feteleza ndi la simenti ndi makilogalamu 50, koma thumba lachibakera losokerera pamwamba limaposa pamenepo. Belo la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, kotero chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo mgolo wa malita 200 ndi wolemera ngati matumba anayi. Mchenga, miyala ndi njerwa ndizo zimanyenga kwambiri, chifukwa zimalemera zisanadzaze malo. Mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ndipo ukanyowa umalemera koposa. Motero "wani tani" yodzaza mchenga mpaka m'milomo yapitirira mlingo kalekale. Malo otsala kumbuyo kwa galimoto si umboni wakuti mphamvu nayo yatsala.

ZIMENE ZIMACHITIKA GALIMOTO IKALEMEDWA

Choyamba kuvutika ndi mabuleki. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro la galimoto kukhala kutentha, monga momwe manja amatenthera mukawatikita. Kulemera kukawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kupirira kumawirikizanso kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi, ndipo mtunda umene galimoto imayenda isanaime umatalikanso kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mwana akadumpha msewu, dalaivala amakhala atayenda kale mtunda umenewu phazi lisanafike pa buleki.

Choopsa chachikulu chili pa mitsetse yaitali, monga ya ku Chiweta ku Rumphi, ya ku Thabwa potsikira ku Chikwawa, kapena ya Khwekhwelere potsikira ku Golomoti. Dalaivala akamatsika atapondereza buleki osalekeza, zitsulo zimatentha kwambiri mpaka kuleka kugwira, ndipo nthawi zina mafuta a mabuleki amawira. Pamenepo phazi limangolowa pansi ngati waponda thonje. Anthu amadzati "mabuleki anaduka", chonsecho sanaduke ayi, anapsa ndi katundu. Dalaivala wodziwa ntchito amalowetsa giya yaikulu asanayambe kutsika, kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Lamulo la akale pa ntchitoyi n'lakuti giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo utsikire.

Chachiwiri ndi matayala. Tayala lililonse lili ndi nambala m'mbali mwake yosonyeza katundu amene lingasenze. Mwachitsanzo, pa tayala lolembedwa 195R14C 106/104, nambala 106 ikutanthauza makilogalamu 950 likakhala lokha, ndipo 104 ikutanthauza makilogalamu 900 likakhala lophatikizana ndi linzake. Tayala la galimoto yaing'ono lokhala ndi nambala 91 limasenza makilogalamu 615 okha. Ndiye kuika matayala a galimoto yaing'ono pa bokosibode kapena minibasi chifukwa chotsika mtengo n'kuputa tsoka. Manambalawa amagwira ntchito pokhapokha mpweya uli wokwanira. Tayala lolemedwa kapena lochepa mpweya limapindika kwambiri pozungulira, limatentha, kenaka limaphulika, makamaka pa phula wotentha wa mwezi wa Okutobala. Mpweya uyesedwe m'mawa matayala akali ozizira.

Chachitatu ndi chiwongolero. Katundu akachuluka kumbuyo kwa ekiselo, galimoto imakhala ngati sikelo yopendekera mbali imodzi: mchira umatsika, mutu umakwera. Matayala akutsogolo, amene ndiwo amakhotetsa galimoto, sagwiranso bwino pansi. Usiku nyali zimaloza kumwamba, n'kumathobwa m'maso madalaivala ochokera kutsogolo m'malo mounikira msewu.

Chachinayi ndi kugubuduzika. Mayi wosenza mtsuko pamutu sangakhote mothamanga monga wopanda kanthu. Chimodzimodzi galimoto imene katundu wake wasanjikizidwa m'mwamba. Ikafika pokhota, kapena tayala limodzi likagwera m'dzenje, kulemera kwa pamwamba kuja kumaikokera kumbali mpaka kugwa. Anthu oimirira kumbuyo kwa lole amawonjezera vutoli, pakuti galimoto ikapendama onse amakhuthukira mbali imodzi. Mgolo wa madzi wosadzaza umachitanso chimodzimodzi.

Chachisanu ndi kuthyoka kwa zitsulo: masipulingi, mabawuti a matayala, ngakhale ekiselo imene. Zimenezi sizithyoka tsiku loyamba. Chitsulo chimatopa pang'onopang'ono, monga waya amene mukumupinda mobwerezabwereza, ndipo chimadzathyoka tsiku limene simukuyembekeza. N'chifukwa chake mawu akuti "timanyamula chonchi masiku onse" sayenera kukulimbitsani mtima. Paja akulu anati tsoka silinunkha.

KAPAKIRIDWE KABWINO

Katundu wolemera ayambe kuikidwa pansi, kufupi ndi kumene kumakhala dalaivala, patsogolo pa ekiselo yakumbuyo kapena pamwamba pake penipeni. Wopepuka ndiye abwere pamwamba. Mbali yakumanja ndi yakumanzere zilemere mofanana. Zonse zimangidwe ndi zingwe zolimba, chifukwa galimoto ikaima mwadzidzidzi katundu wosamanga amapitirira ulendo ndi liwiro lomwe lija, ndipo malata kapena matabwa amadula munthu ngati mpeni. Katundu wotulukira kumbuyo amangiriridwe kansalu kofiira kuti obwera m'mbuyo amuone. Mutayenda pang'ono, imani muone ngati zingwe sizinakhwefuke.

Monga a zaukhondo tionjezerepo ichi: mankhwala ophera tizilombo, feteleza, petulo ndi parafini zisasanjikizidwe pamodzi ndi ufa, nsomba, nyama kapena ndiwo zamasamba. Botolo limodzi likatayikira m'thumba la ufa, banja lonse likhoza kudya poizoni.

KUKOKA NGOLO

Masiku ano alimi ndi amalonda ambiri amamangirira ngolo ya matayala, imene madalaivala amaitcha thirela, kumbuyo kwa galimoto. Kusenza ndi kukoka ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi mlingo wake. Injini itha kukhala ndi mphamvu yoyendetsa ngolo yolemera, koma funso lenileni ndi lakuti: kodi galimotoyo idzatha kuiimitsa?

M'buku la galimoto mumakhala manambala awiri a kukoka. Yoyamba ndi ya ngolo yopanda mabuleki akeake. Opanga galimoto ambiri salola kuti ngolo yotere ipitirire makilogalamu 750, ndipo pa galimoto zing'onozing'ono mlingowo umatsika kuposa apa. Yachiwiri ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki, imene pa mabokosibode ena akuluakulu imafika makilogalamu 3,500. Manambala onsewa akuphatikiza kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Ngati ngolo yopanda mabuleki ikulemera makilogalamu 250 ili yopanda kanthu, ndiye kuti ingatenge makilogalamu 500 okha, amene ndi matumba 10. Ngolo zambiri zowotcherera m'misika mwathu zilibe mabuleki, choncho mlingo wake ndi wochepawu, ngakhale zioneke zazikulu motani.

Tibwerere ku bokosibode yathu ija. Tinene kuti buku lake likuti ingakoke ngolo ya mabuleki ya makilogalamu 2,500, ndipo GCM yake ndi makilogalamu 4,500. Galimotoyo ikadzaza kufika pa makilogalamu 2,800, chotsala pa 4,500 ndi makilogalamu 1,700 okha. Apa tikuphunzira kuti simungadzaze galimoto mpaka pamapeto ndi kukokanso ngolo yodzaza mpaka pamapeto. Mukawonjezera kwina, muchepetse kwina.

Palinso kulemera kumene mkono wa ngolo umatsamira pa chokolera cha galimoto. Kumeneku kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo yonse, koma kosapitirira nambala yolembedwa pa chokoleracho. Ngolo ya makilogalamu 1,500 imatsamira ndi makilogalamu pafupifupi 150, ndipo amenewa achotsedwe pa katundu wa galimoto, ndiwo matumba atatu. Mkono ukalemera kwambiri, mutu wa galimoto umanyamuka. Ukapepuka kwambiri, chifukwa katundu waikidwa kumchira kwa ngolo, ngoloyo imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku ngati nsomba, mpaka kugwetsa galimoto imene ikuikoka. Pofuna kupewa zimenezi, ikani magawo 6 mwa magawo 10 a katundu patsogolo pa ekiselo ya ngolo. Ngolo ikayamba kugwedezeka muli paulendo, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musawonjezere moto. Chotsani phazi pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka, kufikira itakhazikika. Kenaka imani ndi kupakiranso katunduyo.

Chokolera chikhale chopangidwira ntchitoyo ndi chomangidwa ku chitsulo chachikulu cha galimoto, osati ku bampala. Pakhale unyolo wachitetezo kuti chokolera chikamasuka ngolo isathawire anthu oyenda pansi. Nyali za kumbuyo kwa ngolo ziziyaka. Ndipo koposa zonse, m'ngolo yokokedwa ndi galimoto musakwere munthu.

KUKOKA GALIMOTO YOFA

Galimoto ikafera panjira, anthu amathamangira chingwe. Koma dziwani kuti pa galimoto zambiri injini ikazima, mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera, chifukwa zonsezi zimathandizidwa ndi injini. Woyendetsa galimoto yokokedwayo amafunika mphamvu zambiri kuti aime, ndipo potsetsereka akhoza kuwomba imene ikumukoka. Chitsulo chokokera ndi chabwino koposa chingwe, ndipo ngati mabuleki a galimoto yofayo sakugwira, chingwe chisagwiritsidwe ntchito m'pang'ono pomwe. Yokoka ikhale yolemera koposa yokokedwa. Apaulendo onse atsike m'galimoto yofayo, mutsale dalaivala yekha, ndipo kiyi akhale wotsekula kuti chiwongolero chisakhomeke. Liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Pakati pa chingwe pamangidwe kansalu koonekera, ndipo anthu oonerera, makamaka ana, aime patali, chifukwa chingwe kapena unyolo ukaduka umakwapula ngati chikoti ndipo ungathe kupha. Galimoto yosintha yokha magiya isakokedwe mtunda wautali matayala ake oyendetsa ali pansi, popeza bokosi la magiya limawonongeka.

THIRAKITALA, NJINGA YAMOTO NDI NGOLO YA NG'OMBE

Thirakitala ili ndi mpando umodzi, ndiwo wa dalaivala. Munthu wokhala pa chotchingira matope kapena woima pa mkono wa ngolo akaterereka, amagwera pansi pa tayala. Pokoka chitsa kapena galimoto yotitimira, unyolo ukoledwe pa chokolera cha m'munsi. Ukakoledwa pamwamba pa ekiselo, thirakitala imanyamuka mutu n'kugwa chagada pa dalaivala m'kanthawi kochepa.

Njinga zamoto za kabaza zinapangidwa kuti zinyamule anthu awiri, woyendetsa ndi wokwera mmodzi, onse atavala zipewa zodzitetezera. Mukakwerapo anthu atatu kapena anayi, wina atabereka mwana, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo mabuleki ake aang'onowo sakwanitsa. Ndalama imene mwapulumutsa pokwera awiri pa mtengo wa mmodzi singalipire mwendo.

Ngolo ya ng'ombe kapena abulu nayo isalemetsedwe, makamaka potsetsereka pamene imakankha ziweto. Ikamayenda mumsewu waukulu madzulo, ikhale ndi zonyezimira kumbuyo.

LAMULO NDI MSEWU

Lamulo la za pamsewu la dziko lino, la chaka cha 1997, limaletsa kunyamula katundu kapena anthu opitirira mlingo wa galimoto. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndiyo imayesa galimoto ndi kupereka chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo apolisi a pamsewu amaonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Pali masikelo oyezera malole m'malo monga Balaka, Mwanza, Mchinji ndi Songwe.

Masikelowa sanaikidwe pofuna kuvutitsa amalonda. Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a misewu ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America anayendetsa malole olemera mosiyanasiyana pa misewu yoyesera, ndipo anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Ndiye kuti lole imodzi yolemedwa imakumba msewu koposa galimoto zing'onozing'ono zikwi zambiri. Msewu ukakumbika kapena mlatho ukathyoka, ambulansi imachedwa kufika, mankhwala amachedwa kubwera, ndipo mayi wovutika pobereka ndiye amalipira ndi moyo wake.

MUSANAKWERE, YANG'ANANI

Tikudziwa kuti kumidzi yambiri galimoto imadutsa imodzi pa tsiku, ndipo kukana kukwera matola kuli ngati kukana ulendo. Komabe maso muli nawo. Musanakwere, yang'anani ngati mchira wa galimoto watsika mutu uli m'mwamba, ngati masipulingi awongoka kapena kupindikira pansi, ngati matayala aphwatalala kapena akukhudza bodi, ndiponso ngati galimoto yapendekera mbali imodzi. Zimenezi ndi zizindikiro za galimoto yolemedwa, monga momwe kutentha thupi kulili chizindikiro cha matenda. M'minibasi, mipando ikatha ndiye kuti yadzaza.

Musakhale pamwamba pa katundu, m'milomo mwa bodi kapena pa chitseko chakumbuyo. Ngati palibe kuchitira mwina koma kukwera kumbuyo, khalani pansi penipeni, ana ali pakati. Wodwala, mayi woyembekezera ndi wa khanda apatsidwe malo kutsogolo. Inu amayi oyembekezera okhala kutali ndi chipatala, pitani kuchidikiro masiku akayandikira, kuti musadzakwere galimoto iliyonse usiku matenda atayamba.

Kondakitala akamapitiriza kukweza anthu, lankhulani mwaulemu koma mosaopa: "Achimwene, galimotoyi yadzaza, enawa adikire ulendo wina." Munthu mmodzi akalankhula amanyozedwa, koma asanu akalankhula amamveka.

Mafumu, akuluakulu a mipingo, a komiti ya zaumoyo m'mudzi ndi adzukulu okonza maliro ali ndi udindo waukulu. Pa maliro, pa ukwati, pa ulendo wa kwaya kapena wa mpira, anthu a mudzi umodzi amakwera lole imodzi, ndipo ikagwa mudzi wonse umalira tsiku limodzi. Pobwereka galimoto funsani mwini wake mlingo wake. Paja safunsa anadya phula. Werengani anthu asanakwere, ndipo ngati achuluka, galimoto iyende kawiri. Kwa inu eni galimoto, phindu la matumba asanu owonjezera limathera ku masipulingi, matayala ndi chindapusa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

NGOZI IKACHITIKA

Yambani mwateteza malowo: zimitsani injini, ikani zizindikiro kapena nthambi patali mbali zonse ziwiri, ndipo wina asasute fodya. Tumizani uthenga kupolisi ndi kuchipatala chapafupi. Thandizani poyamba amene ali chete, chifukwa wolira mokweza ndiye kuti akupuma. Pamene pakutuluka magazi, tsindikani mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza. Musathire dothi, mafuta a mabuleki kapena zitsamba pa bala, pakuti zimenezi zimabweretsa kafumbata ndi mafinya. Mkono kapena mwendo wothyoka umangidwe ku thabwa monga momwe ulili, osaukoka.

Munthu amene akumva kupweteka khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo yake, asanyamulidwe chogwira manja ndi miyendo, ndipo asakhazikidwe tsonga. Anthu anayi amunyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti ukhale mowongoka ndi thupi, amugoneke pa chitseko kapena thabwa lalikulu. Wokomoka amene akupuma agonekedwe chammbali mosamala kuti asatsamwe ndi masanzi. Wovulala asapatsidwe chakudya kapena chakumwa, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Aliyense amene anali m'galimotomo akapimidwe, ngakhale akuoneka wabwinobwino, popeza magazi ena amatayikira m'kati mosaoneka. Ndipo potengera ovulala kuchipatala, musadzazenso galimoto yachiwiri ndi operekeza.

Awerengi athu, katundu wotsala lero adzanyamulidwa mawa, ndipo msika ukaphonyeka sabata ino udzakhalaponso sabata yamawa. Kambiranani nkhaniyi ndi anzanu amene mwakhala nawo pa benchi podikira kuonana ndi adokotala, ndipo mukafika kumudzi mukawauze a mfumu ndi eni galimoto a kwanuko. Ngati pali pamene simunamvetse, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.